Ndani amayeza kutopa kwa namwino?

Kuchipatala pafupifupi chilichonse chimayezedwa. Mwana amamuika pa sikelo, kulemera kwake n'kulembedwa pa khadi. Womva malungo amamubaya chala, ndipo kadontho ka magazi kamanena zoona pakangopita mphindi zochepa. Mayi woyembekezera amamumanga lamba pamkono kuti aone kuthamanga kwa magazi. Zonsezi zili ndi nambala yake, ndipo nambalayo ikaipa, mankhwala amaperekedwa.

Nanga munthu wogwira sikeloyo? Akatopa mpaka kufika posamvanso chisoni, ndani amadziwa, ndipo amadziwa bwanji? Funso limeneli linakula kwambiri panthawi ya mliri wa Covid-19. Yankho lake likutikhudza tonse, chifukwa dzanja limene limatibaya jekeseni ndi la munthu, ndipo munthu amatha mphamvu.

Mmene zinalili

Pa 11 Marichi 2020, Bungwe Loona Zaumoyo Padziko Lonse, lomwe m'Chipwitikizi timalitcha OMS, linalengeza kuti Covid-19 ndi mliri wa dziko lonse. Pa 22 Marichi, nduna ya zaumoyo, a Armindo Tiago, analengeza za wodwala woyamba kuno ku Mozambiki. Pa 1 Epulo tinalowa mu estado de emergência. Mukukumbukira: sukulu zinali zotseka, makalasi athu a akuluakulu anaima, mapemphero a pagulu analetsedwa, ngakhale pamaliro anthu ankachita kuwerengedwa. Uthenga unali wakuti aliyense amene angathe akhale kunyumba.

Madokotala, anamwino ndi anzawo onse a m'chipatala sakanatha kukhala kunyumba. Iwo ankapita komwe enafe tinkathawa. Katemera anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu Marichi 2021, kuyambira ndi iwowo. Ndiye kuti pafupifupi chaka chathunthu anagwira ntchito popanda katemera, akudalira chophimba pakamwa ndi pamphuno, magolovesi ndi sopo. OMS inawerengera kuti kuyambira Januwale 2020 kufika Meyi 2021, ogwira ntchito zaumoyo pakati pa 80,000 ndi 180,000 anafa ndi matendawa padziko lonse. Otsalawo anapitiriza ntchito, ndipo anasenzanso ya anzawo amene anadwala kapena kumwalira.

Kutopa kwake ndi kwina

Tonse timadziwa kutopa. Munthu akachoka kumunda nthawi yolima amakhala atatopa, koma akasamba, kudya nsima ndi kugona, m'mawa amanyamulanso khasu. Kutopa kumene tikunena pano sikutha ndi tulo ta usiku umodzi. M'Chingerezi amakutcha burnout, mawu ofanizira chikuni chimene chayaka mpaka kutsala phulusa lokha. M'Chipwitikizi amati esgotamento profissional. Ife pano tizinena kuti kutoperatu.

Amene anatchukitsa dzinali ndi katswiri wa zamaganizo, Herbert Freudenberger, mu 1974. Iye ankathandiza pachipatala china chaulere ku New York, ndipo anaona kuti anthu odzipereka kwambiri, obwera ndi mtima wonse, ndi amene pakapita nthawi ankafooka, kukwiya msanga ndi kutaya mtima. Mu 2019 OMS inalemba kutoperatu m'buku lake lalikulu la mayina a matenda, koma inanenetsa kuti si nthenda ngati malungo kapena chifuwa chachikulu. Inati ndi vuto lochokera kuntchito, pamene munthu wapanikizika nthawi yaitali popanda chosintha.

Zizindikiro zake ndi zitatu. Choyamba ndi kutha mphamvu, m'thupi ndi mumtima momwe. Chachiwiri ndi kuuma mtima: namwino amayamba kuona odwala ngati mzere woti uthe basi, osati anthu. Mayi wa pabedi lachitatu amangokhala "nambala 3". Chachitatu ndi kudziona ngati wolephera, kumva kuti zonse zimene ukuchita sizikuthandiza aliyense.

Chachiwiricho ndi chimene ife odwala timakumana nacho. Timati, "Namwino uja ndi wamwano." Nthawi zina ndi mwano ndithu. Koma nthawi zina ndi munthu amene analowa ntchito ali wachifundo, ndipo mtima wake waphunzira kudzitseka kuti usasweke.

Sikelo ya mafunso

Kutoperatu sikuoneka m'magazi. Palibe makina ojambula amene angakuonetse. Choncho njira yoyezera ndi kufunsa munthuyo, koma kufunsa mwadongosolo: mafunso omwewo, kwa aliyense, ndi mayankho osandulika manambala.

Sikelo yotchuka kwambiri inapangidwa ndi Christina Maslach ndi Susan Jackson ku United States mu 1981. Ili ndi ziganizo 22. Mwa izo, 9 ndi za kutha mphamvu, 5 ndi za kuuma mtima, ndipo 8 ndi za mmene munthu amaonera phindu la ntchito yake. Chiganizo china chimakhudza kudzuka m'mawa uli wotopa kale pongoganiza za tsiku lantchito. China chimakhudza kusiya kusamala za zimene zichitikire wodwala. Woyankha safunsidwa kuti anene "inde" kapena "ayi". Amafunsidwa kuti zimenezi zimamuchitikira kangati. Ngati sizinamuchitikirepo amalemba 0. Ngati ndi tsiku lililonse amalemba 6. Pakatipo pali kangapo pachaka, kamodzi pamwezi, kamodzi pamlungu, ndi zina zotero.

Tiyeni tiwerengere limodzi, monga timachitira m'kalasi. Ziganizo za kutha mphamvu ndi 9, ndipo nambala yaikulu pa chilichonse ndi 6. Tikachulukitsa 9 ndi 6 tipeza 54. Ndiye kuti munthu wotheratu angafike pa 54, ndipo amene sakumva chilichonse ali pa 0. Ofufuza ambiri amaika mzere pa 27: wofika pamenepo kapena kupitirira amamuwerengera kuti watha mphamvu kwambiri.

Taonani bwino apa. Namwino wina wapeza 26, mnzake wapeza 27. Kodi woyambayo ali bwino, wachiwiriyo ndiye ali pamavuto? Ayi. Asiyana ndi yankho limodzi lokha. Mzerewo anaujambula ndi anthu, ndipo ena amaujambula pamalo ena. Izi zikusiyana ndi kuyeza malungo, kumene kachirombo kamakhala kalipo kapena kalibe.

Palinso sikelo ina yochokera ku Denmark, yotchedwa Copenhagen Burnout Inventory, imene inatuluka mu 2005. Ili ndi mafunso 19 ndipo ndi yaulere, pamene ya Maslach imafunika kulipira. Iyo imasiyanitsa kutopa kwa munthu pa moyo wake wonse, kutopa kochokera kuntchito, ndi kutopa kochokera kwa anthu amene akuwathandiza. Panthawi ya mliri ofufuza ena ankafupikitsa kwambiri, n'kufunsa funso limodzi kapena awiri pafoni, podziwa kuti dokotala amene wangochoka pa odwala osowa mpweya sangakhale pansi kuyankha mapepala atatu.

Nambala imodzi, matanthauzo ambiri

Mu 2018, mliri usanabwere, akatswiri ena anasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana 182 wa kutoperatu kwa madokotala, wochokera m'mayiko 45, ndipo anasindikiza zimene anapeza m'magazini ya madokotala yotchedwa JAMA. Zimene anapeza n'zodabwitsa. Kafukufuku wina ankati palibe dokotala ndi mmodzi yemwe wotoperatu. Wina ankati ndi 80 pa madokotala 100 alionse. Chifukwa chake? Anapeza njira 142 zosiyana zonenera kuti "uyu watoperatu". Ena ankawerenga munthu akangokhala ndi chizindikiro chimodzi. Ena ankafuna zitatu zonse.

Aliyense amene anagulitsapo chimanga amaidziwa nkhani imeneyi. Wina amayeza ndi chitini chosefukira, wina ndi chitini chosalaza pamwamba, wina chitini chake n'chophwanyika pansi. Onse akuti "chitini chimodzi", koma chimanga chake si chofanana. Ndiye mukamva pa wailesi kuti anamwino 60 pa 100 alionse atoperatu, musafulumire kukana, musafulumirenso kuvomera. Funsani kuti anayeza ndi chitini chiti, anafunsa anthu angati, a kuti, ndipo liti.

Kodi ndiye kuti kuyezaku n'kopanda ntchito? Ine ndikuti kuli ndi ntchito yaikulu, pokhapokha chitini chikhale chomwecho chaka ndi chaka. Chitsanzo chabwino chili ku United States, kumene gulu limodzi la ofufuza lakhala likufunsa madokotala mafunso ofanana kuyambira 2011. Mu 2017 anapeza kuti pafupifupi 44 pa 100 alionse anali ndi chizindikiro chimodzi kapena kuposa. Mu 2020, chaka choyamba cha mliri, nambala inatsika kufika pa 38. Kumapeto kwa 2021 inalumpha kufika pa 63.

Ambirife tikanaganiza kuti chaka choyamba ndicho chikanakhala choipitsitsa, pakuti ndi pamene mantha anali aakulu ndipo katemera kunalibe. Koma ganizirani za maliro pamudzi. Tsiku loyamba aliyense amakhala ndi mphamvu: ena akukumba manda, ena akutunga madzi, ena akuphika, palibe womva njala. Kutopa kumabwera anthu atabalalika. Nanga maliro akamatsatizana mwezi ndi mwezi, kwa zaka ziwiri? Poyamba ogwira ntchito m'chipatala ankaomberedwa m'manja m'mizinda yambiri ya ku Ulaya ndi ku America. Pofika chaka chachiwiri kuomba m'manja kunatha, odwala anali akubwerabe, ndipo anzawo ena anali atasiya ntchito. Akanayeza kamodzi kokha mu 2020, akanati zinthu zili bwino.

Amene sikelo siwaona

Pali anthu amene kafukufuku wotere amawaphonya, ndipo nthawi zambiri ndi omwe ali pamavuto aakulu.

Wotopa kwambiri sayankha. Pepala likabwera amaliika m'thumba, kapena uthenga wa pafoni amangoudutsa. Amene anasiya kale ntchito chifukwa chotoperatu sapezekanso pamndandanda. Choncho chipatala chingaoneke ngati chili bwino pamene kwenikweni ofooka onse anachoka.

Wamantha amayankha zabodza. Tangoganizani kuti ndinu namwino, ndipo mkulu wanu wakupatsani pepala lofunsa ngati mwasiya kusamala za odwala. Dzina lanu lili pamwamba. Mulemba chiyani? N'chifukwa chake kafukufuku wabwino salemba mayina, ndipo amene amatolera mapepala si bwana wa oyankhawo. Pachipatala chaching'ono chakumudzi, chokhala ndi antchito anayi kapena asanu, ngakhale kubisa dzina sikukwanira, chifukwa zaka ndi udindo zokha zimaulula munthu. Pamenepo mayankho amayenera kuphatikizidwa ndi a zipatala zina za m'dera lonselo.

Manthawa si nkhambakamwa. Mu Epulo 2020, Lorna Breen, dokotala woyang'anira chipinda cha odwala mwadzidzidzi pachipatala china ku New York, anadzipha atagwira ntchito masabata oopsa a mliri komanso atadwala Covid-19 iye mwini. Abale ake ananena kuti ankaopa kuti akadziwika kuti wafuna thandizo la maganizo, ntchito yake ithera pomwepo. Mu Marichi 2022 dziko la United States linakhazikitsa lamulo lotchedwa ndi dzina lake, lothandiza ogwira ntchito zaumoyo pa nkhani ya maganizo.

Kenako pali chinenero, ndipo apa ife ophunzitsa kuwerenga timatchera khutu. Mafunsowa analembedwa m'Chingerezi. Akamasuliridwa m'Chipwitikizi, dokotala ndi namwino angayankhe bwino. Nanga mayi wokolopa m'wodi, amene amachotsa masanzi ndi kuchapa nsalu za odwala? Nanga mlonda wapageti amene ankakangana ndi abale oletsedwa kulowa? Nanga APE wa kumudzi, woyenda panjinga khomo ndi khomo? Iwo anakumana ndi mliri womwewo, koma mitu ya kafukufuku wambiri imangoti "madokotala ndi anamwino". Ndipo kuwafunsa m'chinenero chathu si nkhani yongotembenuza mawu. Ife timati "ndatopa" tikachoka kumunda, timatinso "ndatopa nawe" kwa munthu wotivuta. Timati "mtima wanga wafooka", "ndalema", "zandikwana". Womasulira akasankha mawu olakwika, adzayeza kupweteka kwa msana m'malo mwa kusweka kwa mtima.

Kuno kwathu

Ku Mozambiki, panthawi ya mliri pa anthu 10,000 alionse sipankakwana ngakhale dokotala mmodzi, ndipo ambiri mwa madokotalawo ali m'mizinda ikuluikulu. OMS imanena kuti dziko limafunika madokotala, anamwino ndi azamba oposa 4 pa anthu 1,000 alionse kuti lithandize anthu ake mokwanira. Ife tili kutali kwambiri ndi nambala imeneyo. M'madera ambiri a Tete ndi Niassa, amene mumamutcha "adokotala" pa centro de saúde ndi técnico kapena namwino, ndipo masiku ena ndi yekhayo: kuyeza ana, kupereka mankhwala a ma ARV, kuchiritsa mayi usiku, m'mawa n'kutsegulanso chitseko.

Tanthauzo lake ndi lakuti Covid-19 inapeza anthu otopa kale. Ku Beira ndi madera ozungulira anali asanapume kuchokera pa namondwe wa Idai wa mu Marichi 2019. Mliri unakula kumayambiriro kwa 2021, unakulanso kwambiri mu Julayi chaka chomwecho. Usanathe n'komwe, kolera inayamba ku Lago, m'chigawo cha Niassa, mu Seputembala 2022, ndipo inafalikira m'zigawo zina, n'kukula kwambiri namondwe wa Freddy atadutsa mu 2023. Pa 5 Meyi 2023 OMS inalengeza kuti Covid-19 sinalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, koma namwino wa kuno anali ali m'tenti ya odwala kolera. Chaka chomwecho madokotala, komanso ogwira ntchito zaumoyo ena, ananyanyala ntchito, akudandaula za malipiro, za maola owonjezera osalipidwa, ndi za kusowa kwa zipangizo.

Madandaulo amenewa akufanana kwambiri ndi zimene Maslach ndi mnzake Michael Leiter anatchula kuti ndi magwero a kutoperatu. Ntchito yochuluka kuposa manja ndi gwero limodzi chabe. Palinso kusakhala ndi mawu pa ntchito yako, monga kusinthidwa tsiku lopuma osafunsidwa. Pali kusalandira malipiro kapena kuthokozedwa koyenera, kusamvana ndi anzako, ndi kukondera kwa akuluakulu. Chomaliza, chimene ine ndimachiona kuti n'chopweteka kuposa zonse, ndi kukakamizika kuchita zosemphana ndi zimene umakhulupirira. Namwino anaphunzira kuti wodwala wobanika amafunika okosijeni. Botolo lilipo limodzi, obanika ndi atatu. Asankhe ndani? Amene wasankhapo chotere amapita nacho kunyumba.

N'chifukwa chake ndikuti sikelo imeneyi, ngakhale amayankha ndi munthu, kwenikweni imayeza malo antchito. Pawodi ina anamwino 8 mwa 10 akapezeka atatoperatu, pamene pawodi yoyandikana nayo ndi 2 okha, funso si lakuti asanu ndi atatuwo ndi ofooka bwanji. Funso ndi lakuti pawodi imeneyo pakuchitika chiyani. Kuwaitanira ku msonkhano wowaphunzitsa kupuma mozama ndi kuganiza zabwino, kenako n'kuwabwezera pa ndandanda yomweyo ya usiku, kuli ngati kuyeza mwana, kuona kuti waonda, n'kumuuza kuti alimbe mtima. Ndipo kufunsa anthu mafunso 22 kenako osasintha kanthu kumawonjezera vuto. Ulendo wachiwiri sadzayankhanso.

Nanga ife odwala?

Wina anganene kuti, "Ndiye tizingopirira akatikalipira, poti atopa?" Ayi. Wodwala ali ndi ufulu wolandiridwa mwaulemu, wouzidwa za matenda ake m'chinenero chimene akumva, ndi wosalipiritsidwa ndalama zachinyengo. Mayi wobereka akatukwanidwa kapena kumenyedwa, limenelo ndi tchimo ndiponso mlandu, kaya wochitayo anagona kaya sanagone. Bokosi la madandaulo ndi Gabinete do Utente zilipo chifukwa cha zimenezi, ndipo amene mwaphunzira kulemba mungazigwiritse ntchito, n'kulemberanso anzanu amene sanaphunzire.

Koma dandaulo lolembedwa bwino limathandiza mbali zonse ziwiri. Kulemba kuti "namwino ndi woipa" kumangobweretsa chilango kwa munthu mmodzi. Kulemba tsiku, nthawi, zimene zinanenedwa, komanso kuti panali namwino mmodzi yekha pa anthu odzaza khonde lonse, kumaonetsa akuluakulu pamene pali bowo.

Zipatala zambiri zili ndi comité de co-gestão, momwe anthu a m'mudzi amakhala pamodzi ndi ogwira ntchito. Ena mwa inu muli m'makomiti amenewa. Simufunika mapepala a ku America kuti muyambe kuyeza. Pali zinthu zimene aliyense wodziwa kuwerenga angaziwerenge. Mwezi wathawu, namwino aliyense anagona kuchipatala masiku angati? Anaona odwala angati pa tsiku lotanganidwa kwambiri? Analandira liti tchuthi chake chomaliza cha pachaka? Ndi antchito angati amene anapempha kusamutsidwa chaka chino, ndipo m'malo mwawo munabwera angati? Magolovesi anatha kangati? Madzi a pampopi anasowa masiku angati?

Lembani mayankhowo m'kope limodzi, ndi deti lake. Pakatha miyezi itatu funsaninso mafunso omwewo, osasintha ndi limodzi lomwe, ndipo mulembe pa tsamba lotsatira. Kope limenelo lipite ku msonkhano wa komiti, ndipo masamba ake akopedwe n'kutumizidwa ku ofesi ya zaumoyo ya distrito yanu, atasainidwa ndi wapampando wa komiti pamodzi ndi mkulu wa chipatala.